Tegu wasiya kudya: nthawi yodikira ndi nthawi yothamangira kwa dokotala

Mwa mavuto onse amene amagwera munthu wongoyamba kumene kuweta tegu, buluzi wamkulu wochokera ku South America, limene limabwera kawirikawiri ndi la kukana chakudya. Buluzi amene ankathamangira mbale sabata yatha, lero angonunkhiza n'kubwerera kuuna, mawa lake osatuluka n'komwe. Mwiniwake mtima uli m'mwamba. Agula mazira, asintha agula nsomba, ayesa zipatso, ndipo ena amafika pomukumba m'dothi, kumuyasamitsa ndi kumukankhira nyama kukhosi. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Nthawi zambiri chakudyacho chilibe mlandu. Mlandu umakhala pa kutentha kwa khola, pa nyengo, kapena pa mantha a buluziyo, ndipo zitatuzi sizitheka ndi kusintha ndiwo. Koma ilipo nthawi ina pamene kukana chakudya ndi matenda enieni, ndipo kudikira kungaphetse chiweto. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndipo mungazisiyanitse poyeza, osati pongoganizira.

Dziwani mtundu umene muli nawo

Tegu amene anthu ambiri amaweta ndi wamawanga akuda ndi oyera, amene asayansi amamutcha Salvator merianae. Kwawo ndi ku Argentina, Brazil, Paraguay, Uruguay ndi Bolivia. M'mabuku akale mumupeza pa dzina la Tupinambis merianae, chifukwa dzinalo linasinthidwa mu 2012. Wamwamuna amatha kupitirira mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira, wamkazi amacheperapo, ndipo akasamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20. M'bale wake wofiira, Salvator rufescens, khalidwe lake n'lofananako. Awiriwa amachokera kumadera okhala ndi nyengo yozizira, choncho amagona miyezi ingapo pachaka osadya.

Wachitatu ndi wa mawanga agolide, Tupinambis teguixin, amene m'masitolo amamutcha wa ku Colombia. Iyeyu ndi wa kumadera otentha chaka chonse, ndi wocheperapo, wamantha ndi wolusa kuposa enawo, ndipo alibe tulo tatitali ta nyengo yozizira. Ngati wanu ndi ameneyu ndipo watha masabata osadya, musadzinamize kuti wagona. Fufuzani china.

Zida zitatu musanachite chilichonse

Choyamba ndi choyezera kutentha chija cholozetsa ngati mfuti, chimene chimayeza kutentha kwa pamwamba pa mwala kapena thabwa. Chachiwiri ndi choyezera cha digito choyeza kutentha kwa mpweya ndi chinyezi, choikidwa pansi pamene buluziyo amayenda. Tizoyezera tozungulira tomata pagalasi, timene ogulitsa amakonda kuphatikiza ndi khola, timanama ndi madigiri angapo, ndiponso timayeza pamalo pamene buluzi safikapo.

Chachitatu ndi sikelo. Kamwana mungakayeze pa sikelo ya kukhitchini mutakaika m'kabokosi, wamkulu mungamunyamule n'kukwera naye pa sikelo ya anthu, kenako n'kuchotsera kulemera kwanu. Lembani tsiku, kulemera, zimene wadya ndi tsiku limene wachita chimbudzi. Kwa ine kabuku kameneka n'kofunika kuposa zokongoletsa zonse za m'khola, chifukwa maso a munthu woona chiweto tsiku ndi tsiku sazindikira kuwonda mpaka zitafika poipa.

Ngati wangofika kumene

Tegu wobwera kumene pakhomo amatha sabata imodzi kapena awiri atakwiririka m'dothi, ndipo zimenezi si matenda. Fungo ndi lachilendo, phokoso ndi lachilendo, ndipo kwa kabuluzi kakang'ono, kaja kokhala ndi mutu wobiriwira kakadali kakhanda, chilichonse chochokera kumwamba ndi mbalame yofuna kukadya. Dzanja lanu likalowa kuchokera pamwamba pa khola, kwa iko ndi mphamba. N'chifukwa chake khola lotsegukira kutsogolo limathandiza kwambiri.

Musamukumbe. Una ndi malo okhawo amene akuwakhulupirira, ndipo mukamutulutsamo mwamulanda ngakhale amenewo. Ikani chakudya pambale m'mawa magetsi otenthetsa khola atayaka kwa ola limodzi kapena awiri, chokanipo, ndipo chotsani chotsala madzulo chisanawole. Ana a pakhomo ndi alendo ofuna kuona buluziyo adikire. Galu kapena mphaka wokhala pafupi ndi galasi tsiku lonse amakwana kuletsa kamwana ka tegu kudya kwa masabata.

Kutentha, kumene mavuto ambiri amachokera

Buluzi sagaya chakudya ndi mphamvu ya thupi lake lokha monga ife. Amadalira kuwothera dzuwa kuti mimba igwire ntchito. Thupi likakhala lozizira, nyama imene wameza imayamba kuwola m'mimba isanagayike, ndipo buluziyo mwachibadwa amadziwa zimenezi: amangoleka kudya. Choncho tegu wokana chakudya m'khola lozizira akudziteteza, ndipo munthu womukakamiza kudya ndiye akumupweteka.

Yezani pamalo owothera magetsi atayaka kwa maola awiri kapena atatu. Oweta ambiri odziwa amafuna kuti pamwamba pa mwala wowotherapo pafike madigiri a Celsius 45 mpaka 50 kwa wamkulu, kutsikirako pang'ono kwa mwana. Nambalayi imaopsa oyamba kumene, koma ndi kutentha kwa mwala, osati kwa mpweya. Mwala wa panja masana m'chilimwe umafika pamenepo. Mpweya wa mbali yotentha ukhale cha m'ma 30 mpaka 35, mbali yozizira cha m'ma 24 mpaka 28, ndipo usiku, pamene si nyengo yogona, usatsike kwambiri kupitirira 21.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona mobwerezabwereza, ndipo chimadza mwakachetechete buluzi akamakula. Babu limodzi limene linkakwanira kamwana ka masentimita 30 limangotenthetsa kachigawo ka msana wa tegu wa mita imodzi. Choyezera chionetsa nambala yabwino pakati pa kuwalako, koma mutu, miyendo ndi mchira zili kozizira. Buluziyo amakhala pansi pa babu tsiku lonse osafunda, nthawi zina mpaka kupsa pamsana. Chofunika ndi mababu awiri kapena atatu a halogen ondandalikidwa pamzere, kuti thupi lonse, kupatula mchira, likwane m'kuwalako. Pansi pake ikani mwala waukulu wosalala kapena matayilo okhuthala osunga kutentha. Miyala ija yamagetsi yotenthetsa pamimba isiyeni kusitolo, imawotcha abuluzi. Chotenthetsera chilichonse chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kochizimitsa kutentha kukapitirira muyezo, ndipo mababu atchingidwe kuti buluzi asawakhudze.

Mbali yozizira nayo ndi yofunika mofanana. Khola likakhala laling'ono, lonse limatentha mofanana, buluzi alibe kothawira, ndipo wopsa ndi kutentha nayenso sadya. Wamkulu amafuna khola la mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi ndi 1.2 kupita m'mwamba, ndipo kumeneko n'kuyambira chabe. Tegu amakula msanga kwambiri, mwakuti thanki ya galasi imene munagulira limodzi naye imachepa chaka chisanathe. Dothi likhale lakuya masentimita 30 kapena kuposerapo, lopanda feteleza kapena mankhwala, lonyowa pang'ono pansi, ndipo chinyezi cha m'khola chikhale pakati pa 60 ndi 80 peresenti.

Kwa amene mumakhala kumene magetsi amathimathima, monga ku Malawi, Zambia kapena ku South Africa pa nthawi ya kugawana magetsi, onjezani funso lina: buluziyu wawothera maola angati sabata ino? Magetsi akamathima m'mawa uliwonse, musamupatse khoswe wathunthu madzulo ake. Mpatseni chakudya chochepa, chopepuka, pa tsiku limene mukudziwa kuti afunda. Dzuwa lenileni la panja ndi labwino koposa babu lililonse, bola akhale m'khola la waya lolimba lokhala ndi mthunzi ndi madzi. M'bokosi la galasi kapena la pulasitiki padzuwa amafa ndi kutentha pa nthawi yochepa.

Mwina yangokwana nthawi yake yogona

Apa ndi pamene oyamba kumene amasokonezeka kwambiri. Kwawo ku South America, nyengo yozizira ikafika, ategu amalowa m'mauna n'kukhalamo miyezi ingapo osadya, mtima ukugunda pang'onopang'ono, kupuma kuli patalipatali. Oweta amati brumation. Kum'mwera kwa Brazil zimachitika cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomweyo imene kuno kum'mwera kwa Africa kumazizira. Ku Britain ndi ku America nyengo ndi yotembenuka, kotero amene muli ku London kapena ku Manchester mudzaona buluzi wanu akufooka kuyambira cha m'ma Sepitembala kapena Okutobala, n'kudzadzuka cha m'ma Malichi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti tuloti sitidalira kuzizira kokha. Thupi la tegu lili ndi kalendala yakeyake, ndipo limayamba kuchepetsa ntchito zake nyengo ikamayandikira ngakhale khola lili lotentha bwinobwino. Mukhoza kuwonjezera mababu, iye adzakwiririkabe. Nyamayi ndi yodabwitsa pa nkhani ya nyengo. Mu 2016 Glenn Tattersall wa ku Brock University ku Canada pamodzi ndi anzake a ku Brazil anaonetsa kuti pa nyengo yoswana, atangodzuka kumene, tegu amatha kutenthetsa thupi lake kufika madigiri 10 kuposa una umene wagonamo, chinthu chimene anthu sankayembekezera kwa buluzi. Nyama yoyendera nyengo chonchi simungaiumirize kudya mofanana Januwale mpaka Disembala.

Tulo ta nyengo timabwera pang'onopang'ono. Buluzi amayamba kutuluka mochedwa, kulowa msanga, kusiya theka la chakudya, kenako kutuluka kamodzi pa masiku angapo. Koma mukamuona, maso ali owala, lilime likutuluka kununkhiza, tsinde la mchira lili lonenepa, ndipo mukamugwira amalimbana nanu mwamphamvu. Sikelo imaonetsa kuti sakutsika, kapena akutsika pang'ono zedi. Wodwala ndi wosiyana: amawonda msanga, mafupa a m'chiuno amaonekera, mchira umafota, maso amalowa m'kati, ndipo kawirikawiri amagona poyera m'malo mokumba.

Mukatsimikiza kuti ndi tulo, chitani izi motsatana. Lekani kumupatsa chakudya, koma magetsi asiyeni akuyaka monga mwa masiku onse kwa masabata awiri, kuti zotsala m'mimba zigayike ndi kutuluka. Sitepe imeneyi musaidumphe, chifukwa kugona ndi mimba yodzaza ndiko kumapha. Kenako chepetsani maola a magetsi pang'onopang'ono kwa masabata angapo mpaka kuthimitsa, ndipo malo ogonawo akhale ozizira, cha m'ma 12 mpaka 18, koma osayandikira kuzizira kwa chisanu choumitsa madzi. Madzi akumwa akhalepo nthawi zonse, ndipo dothi lisaume gwa. Muyezeni kamodzi pamwezi mofatsa, n'kumubwezera pamalo pake. Akataya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena mukamva kuliza popuma, bwezerani kutentha ndipo mupite naye kwa dokotala.

Choipa kwambiri ndi kukhala pakatikati: chipinda chofunda moti thupi likuwotchabe mafuta, koma buluzi osadya. Pamenepo amawonda mwezi ndi mwezi. Ngati nyumba yanu siizizira mokwanira, ndi bwino kusiya malo owothera akuyaka maola ochepa patsiku, kuti akadzuka apeze pofundira, ndipo muzimuyeza pafupipafupi. Kamwana kosakwana chaka nako kamatha kugona, ndipo ngati kali konenepa palibe choopsa. Koma buluzi wowonda, wongogulidwa kumene kapena wongochira asagonetsedwe dokotala asanamuone ndi kuyeza ndowe zake.

Zifukwa zing'onozing'ono

Akatsala pang'ono kufundula, khungu limatuwa ndipo njala imachepa kwa masiku ochepa. Zimatha zokha. Chimene muyenera kuyang'ana ndi zala ndi nsonga ya mchira, chifukwa khungu lakale likakanirira pamenepo limamanga ngati mphete, magazi osayenda, chala n'kuduka. Madzi ofunda osapitirira mapewa ake kwa mphindi 15 kapena 20 amalifewetsa. Zikamachitika kawirikawiri, khola lanu ndi louma.

Wamwamuna wofika msinkhu, masaya atayamba kufufuma, amatha kuiwala chakudya pa nyengo yoswana, n'kumangozungulira khola ndi kukanda chitseko. Zimenezinso zimadutsa.

China ndi kukhuta chabe. Kamwana kamadya tsiku lililonse, makamaka tizilombo monga nkhululu ndi mphemvu zoweta. Wamkulu kawiri kapena katatu pasabata n'kokwanira. Ategu ambiri oweta ndi onenepa mopitirira, mimba kukwekwerezeka pansi, khosi litapindikapindika, ndipo mwini wake akudandaula kuti wakana chakudya cha Lachitatu atadya Lolemba ndi Lachiwiri. Woteroyo musiyeni amve njala. Chimodzimodzi amene anazolowera chinthu chimodzi, nthawi zambiri mazira kapena nthochi, n'kumakana zina zonse: wamkulu wathanzi sangafe chifukwa chodikira sabata. Sakanizani chatsopano ndi pang'ono pa chimene amakonda, ndipo muzichepetsa chokondedwacho.

Nyama yathunthu, monga mbewa, makoswe, anapiye ndi zinziri, ndi yabwino kuposa mnofu wokhawokha, chifukwa mafupa ndi zam'kati ndizo zili ndi kashiamu ndi mavitamini. Gulani zowetedwa zoumitsidwa mufiriji, muzisungunule mpaka m'kati. Khoswe wogwidwa m'nyumba kapena kumunda akhoza kukhala atadya mankhwala ophera makoswe, ndipo ziwala za m'munda wopoperedwa n'chimodzimodzi. Ziphaniphani zapha abuluzi ambiri oweta, mapeyala nawo apeweni. Mazira aawisi tsiku ndi tsiku si abwino, popeza choyera cha dzira laliwisi chimatsekereza thupi kulandira vitamini wotchedwa biotin. Aphikeni, ndipo akhale a apo ndi apo. Mapapaya, mango ndi maungu zimakwanira pa mbali ya zomera.

Pamene kudikira kwatha

Zilipo zizindikiro zimene zikaoneka limodzi ndi kukana chakudya, musawerengenso masiku.

Choyamba ndi kufewa kwa mafupa. Zala zimanjenjemera, nsagwada ya m'munsi imafewa kapena kutupa, miyendo imakhota, buluzi amakwawa ndi mimba kapena kukoka miyendo yakumbuyo. Sadya chifukwa kuluma kukumupweteka. Gwero lake ndi kuchepa kwa kashiamu m'chakudya ndi kusowa kwa UVB, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kumene khungu limapangira vitamini D3. Matendawa amandipweteka mtima kuposa ena onse chifukwa ndi opeweka kotheratu, ndipo amagwira kwambiri ana amene akukula msanga pa nyama yogayidwa yopanda mafupa. Babu la UVB likhale lalitali la mtundu wa T5, la mphamvu ya 10 kapena 12 peresenti, pambali pa mababu owothera. Pakati pa babulo ndi buluzi pasakhale galasi kapena pulasitiki, popeza UVB sadutsa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake kuika khola pawindo sikuthandiza. Babu la T5 lisinthidwe pakatha chaka ngakhale likuwalabe, chifukwa UVB amatha kuwala kooneka kusanathe. Lembani tsiku logula pababupo. Tizilombo ndi nyama yopanda mafupa muziziwaza ufa wa kashiamu. Koma zizindikiro zikayamba kale, ufa wokha sukwanira. Dokotala ayenera kumuona, ndipo mafupa amene akhota sawongokanso.

Chachiwiri ndi kutsekeka kwa matumbo. Tegu amameza chilichonse: timiyala, makungwa, zidutswa za pulasitiki, ngakhale sokosi ngati mumamusiya kuyenda m'nyumba. Mimba imafufuma, amadzikankha koma osatulutsa kanthu, nthawi zina amasanza. Madzi ofunda ndi kukonza kutentha zimathandiza ngati kwangokhala kudzimbidwa pang'ono. Pakapita masiku angapo popanda kusintha, pafunika X-ray. Kudyetsera pambale yotakata kapena pa tayilo kumachepetsa vutoli. Ngati nyama yofiira yatuluka kumalo ochitira chimbudzi, iphimbeni ndi kansalu koyera konyowa, muchotseni padothi, ndipo pitani tsiku lomwelo.

Wamkazi wamkulu amatha kupanga mazira ngakhale sanakumanepo ndi wamwamuna, ndipo amakhala ambiri, nthawi zina kupitirira 30. Akatsala pang'ono kuikira amaleka kudya, amakumbakumba ndi kusonkhanitsa zinyalala. Mpatseni dothi lakuya lonyowa ndi masamba ouma kapena udzu. Akakhala wotupa mimba, wofooka, masiku n'kumapita osaikira, mazira akanirira, ndipo imeneyo ndi ngozi.

Yang'ananinso m'kamwa ndi m'mphuno. Nkhama zofiira, zotupa kapena zokhala ndi zoyera ngati mafinya ouma ndi zilonda za m'kamwa. Thovu kapena mamina m'mphuno, kupuma atayasama pamene sakuwothera, ndi kuliza m'chifuwa ndi matenda a m'mapapo, amene kawirikawiri amatsatira khola lozizira ndi lonyowa kwambiri. Ndowe zamadzi, zonunkha mopitirira, pamodzi ndi kuwonda ngakhale akudya, zimaloza ku njoka za m'mimba kapena tizilombo tina. Tengani ndowe zatsopano m'kabotolo kukayezetsa. Musamupatse mankhwala a nkhuku, a galu kapena a anthu mongoyerekeza, popeza mlingo wa buluzi ndi wina, ndipo mankhwala ena abwino kwa ziweto zina amapha zokwawa. Si dokotala aliyense wa ziweto amene amadziwa abuluzi, choncho funsani ndi kusunga nambala ya wodziwa buluzi wanu akadali bwino. Popita tengani kabuku kaja, zithunzi za khola ndi bokosi la babu la UVB.

Akayambanso kudya

Wodzuka ku tulo amayamba wawothera ndi kumwa madzi masiku angapo asanafune chakudya. Bwezerani magetsi onse, dikirani kuti aziyendayenda, ndipo muyambe ndi chochepa. Pakapita masabata awiri kapena atatu ali maso, khola lili lotentha bwino, koma osadyabe, pitani naye akaonedwe.

Njala ikabwera imabwera yaukali, ndipo apa ndi pamene oweta ambiri amalumidwa. Tegu amaona dziko kudzera m'fungo, ndi lilime lake la mphanda, kotero chala chimene chagwira khoswe kwa iye ndi khoswe. Gwiritsani ntchito chopanira chachitali kapena mbale, ndipo sambani m'manja musanamugwire. Sambaninso mukatha, chifukwa zokwawa zimanyamula tizilombo todwalitsa anthu m'mimba totchedwa Salmonella ngakhale zikuoneka zathanzi. Mbale zake zisatsukidwire pamodzi ndi za anthu, ndipo bungwe la zaumoyo la CDC ku America limalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamagwire zokwawa.

Ena akafika apa amazindikira kuti khola la mamita awiri ndi theka, bilu ya magetsi ndi zaka 20 za chisamaliro sangazikwanitse. Ngati ndi choncho, mfunireni woweta wina wodziwa kapena malo olandira zokwawa, ndipo mapepala ake apite naye, popeza ategu ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko, ndipo kuwadutsitsa malire kumafuna chilolezo. Kutchire musamutaye. Ku Florida, ku America, ategu othawa ndi otayidwa anaswana n'kumadya mazira a ng'ona za kumeneko, a akamba ndi a mbalame zoikira pansi, mpaka mu 2021 boma la chigawocho linawaika m'gulu la nyama zoletsedwa kugula ngati ziweto. Nyengo ya kum'mwera kwa Africa ikhoza kumuyanja mofananamo, ndipo nkhwali, nkhanga ndi akamba athu nawo amaikira pansi.